Funsani Amisiri: Kukonza M'kati mwa Golosale, Saluni, Lesitilanti ndi Ofesi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa eni mabizinesi omwe apeza malo ndipo akufuna kuwakonza m'kati asanatsegule. Pafupifupi onse ayamba ndi kufunsa mtundu wa penti. Za penti tiyankha, koma dziwani kuti ameneyu ndi womalizira, ndipo mukalakwitsa mtundu mumangopakanso Loweruka limodzi. Zimene zimadya ndalama mukazilakwitsa ndi mawaya, mapaipi, pansi, komanso njira imene anthu ndi katundu amadutsa. Oyankha ndi akatswiri athu ojambula mapulani, a zamagetsi ndi amisiri a matabwa.

Ndachita lendi chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali. Ndikufuna kutsegula golosale yoti anthu azidzitengera okha katundu, komanso ndizichita Airtel Money ndi Mpamba. Kalipentala wanga akuti tizunguliza mashelefu makoma onse, kauntala ikhale kumapeto. Ndimumvere?
*Bambo a ku Area 25, Lilongwe*

Bambo, pa mashelefu mumvereni, koma pa kauntala ayi. Kauntala ikakhala kumapeto, munthu amalowa, kutenga sopo n'kutuluka inu muli kalikiliki kuwerenga chenji. Iikeni pafupi ndi khomo, chammbali, pamalo poti mukaimirira muziona khomo ndi tinjira tonse nthawi imodzi. Kutalika kwake kuchokera pansi kukhale masentimita 90 mpaka 100.

Tiyeni tiwerengere mamita 4 anuwo. Mashelefu a kukhoma akuya masentimita 40 mbali zonse ziwiri adya masentimita 80. Shelefu yapakati, yoika katundu uku ndi uku, idya 80 enanso. Mwatsala ndi mamita 2.4, kutanthauza tinjira tiwiri ta mamita 1.2 kalikonse. Pamenepo anthu awiri apatukirana bwinobwino, ngakhale mayi wobereka mwana atanyamula basiketi. Kanjira kakachepera masentimita 90, kasitomala amagundidwa nthawi zonse akawerama kuti aone mtengo, ndipo sachedwa kutuluka. Shelefu yapakatiyo isapitirire mamita 1.4 kutalika, apo ayi mwadzimangira nokha khoma lobisalira akuba. Isafikenso kukhoma lakumapeto: siyani mpata wa mita imodzi kuti munthu azizungulira osabwerera njira yomweyo.

Katundu wolemera monga zigubu za mafuta ophikira ndi mabelo a shuga akhale pansi. Amene mumapindula naye kwambiri akhale pakati pa mamita 1.2 ndi 1.6, pomwe maso amayamba kugwera. Buledi, shuga ndi mkaka, zomwe anthu amabwerera tsiku ndi tsiku, ziikeni chakumapeto kuti wogula adutse katundu wina popita kumeneko. Sopo, mankhwala ophera tizilombo ndi parafini zitalikirane ndi ufa, mpunga ndi shuga chifukwa zakudya zimenezi zimayamwa fungo. Matumba asagone pa simenti. Akhale pa thandala la matabwa lokwera masentimita 15, losagunda khoma, kuti tsache lizilowa komanso muziona ndowe za makoswe zikangoyamba. Shelefu iliyonse ya kukhoma imangiriridwe ndi mabawuti, osati misomali, ndipo thabwa lonyamula katundu wolemera likhale ndi chochirikiza pa masentimita 60 mpaka 80 alionse. Likatalika kuposa apo limapindika pakati miyezi ingapo chabe.

Firiji iliyonse imatulutsa kutentha kumbuyo. Isiyireni mpata wa masentimita 10 kapena kuposa, ndipo ngati muli ndi atatu, pamwamba pa khomalo pakhale potulukira mpweya. Kupanda kutero mafiriji amangolira osapuma, mayunitsi a magetsi n'kumatha ngati madzi.

Za Airtel Money ndi Mpamba, musaziphatikize pa kauntala ya golosale. Kumapeto kwa mwezi mzere wa otapa ndalama udzatseka khomo, wofuna buledi n'kupita kwa neba. Ngati mwini nyumba alola, tsegulani kawindo koyang'ana pakhonde kuti mzerewo uziima panja pamthunzi. Ndalama zake zikhalenso ndi dilowa yakeyake yokiya.

Mu saluni yanga ekisitenshoni yasungunuka kawiri ndipo buleka imangogwa madilaya akayaka onse. Ndikusamukira m'chipinda chachikulupo. Ndikonze bwanji kuti zimenezi zisabwerere, nanga mipando ndiiyale motani?
*Mayi a ku Chilomoni, Blantyre*

Mayi, ekisitenshoniyo sinalakwe, mumaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imanyamula maampu 13 basi, omwe ndi pafupifupi mawati 3,000. Dilaya ya m'manja imodzi imatha kudya mawati 2,000. Ziwiri pa ekisitenshoni imodzi ndi 4,000, musanawonjezere chowongolera tsitsi ndi ketulo. Waya amatentha, pulasitiki n'kusungunuka, ndipo ma ekisitenshoni ambiri otchipa ali ndi waya woonda kuposa zomwe zalembedwa pa paketi.

M'chipinda chatsopanocho, mpando uliwonse ukhale ndi soketi yakeyake yapawiri kukhoma, pa msinkhu wa mita imodzi kuchokera pansi kuti zingwe zisamakwawe. Waya wa 2.5 mm wotetezedwa ndi buleka ya maampu 20 amanyamula mawati pafupifupi 4,600, choncho mzere umodzi wa waya uzidyetsa mipando iwiri, osaposa. Madilaya okhala pansi ovala kumutu akhale ndi mzere wawo, giza nayo wake. Uzani wa magetsi aike chotetezera chomwe chimadula magetsi akangoyamba kudutsa m'thupi la munthu kapena m'madzi, chotchedwa RCD, cha 30 mA. Buleka wamba imateteza waya kuti asapse, siteteza munthu wa manja onyowa. Wogwira ntchitoyi akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo ayambe waona ngati mita ya ESCOM ya pamalopo ingakwanitse zonsezi. Nyumba zina za lendi zili ndi mita imodzi yodyetsa mashopu anayi.

Mipando italikirane mamita 1.5 kuchokera pakati pa wina kufika pakati pa unzake, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata wa mamita 1.2 kuti woluka azizungulira, wina n'kudutsa. Oluka amakhala pa mutu umodzi maola ambiri, choncho apatseni mipando yokwezeka ndi kutsitsika, ndipo malo olukira akhale kutali ndi khomo chifukwa ndi omwe amadzaza mesh ndi tizidutswa pansi.

Kuwala n'komwe saluni zambiri zimaphonya. Babu limodzi pakati pa siling'i limaponya mthunzi pansi pa maso ndi pachibwano, kasitomala akadziona pagalasi amaoneka wotopa, n'kuganiza kuti tsitsi silinamukhale. Ikani nyali mbali zonse ziwiri za galasi pa msinkhu wa nkhope, ndi ina pamwamba pa mpando younikira mutu. Pa bokosi la babu yang'anani manambala awiri: 4000K, komwe ndi kuyera kosapita ku buluu kapena ku chikasu, ndi CRI 90 kapena kuposa, kuti mtundu wa dayi ndi wa zodzoladzola uzioneka momwe udzaonekere panja.

Kotsukira tsitsi kukhale kukhoma lomwe lili pafupi ndi paipi yotaya madzi. Paipiyo ikhale ya mamilimita 50, yotsetsereka masentimita 2.5 pa mita iliyonse, yokhala ndi kasefa kogwira tsitsi komwe mungatsegule ndi manja. Paipi yoonda yodutsa mtunda wautali mopanda kutsetsereka imatsekeka ndi tsitsi losakanikirana ndi mafuta, ndipo mudzaswa matailosi kuti muipeze. Soketi italikire sinki masentimita osachepera 60. Ngati mumapanganso zikhadabo, tebulo lake likhale pafupi ndi windo kapena fani yokokera mpweya panja. Fani ya pa siling'i imangozunguliza fungo la guluu ndi relaxer m'chipinda momwemo, ndipo amene amalipuma tsiku lonse ndi atsikana anu antchito.

Malo omwe ndapeza ndi masikweya mita 60. Ndikufuna lesitilanti ya nsima, mpunga ndi tchipisi yokhala anthu 40. Zitheka?
*Mayi a ku Mzuzu*

Anthu 40 salowa, Mayi, pokhapokha khitchini ikhale panja pa masikweya mita amenewa. Khitchini ndi mosungira zakudya zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, tinene 20. Zimbudzi ndi posamba m'manja zitenga 8. Mwatsala ndi 32. Munthu mmodzi wokhala pansi, kuphatikiza tebulo, mpando ndi njira, amafuna masikweya mita 1.2 mpaka 1.5. Ndiye mipando ndi 21 mpaka 26. Musadandaule nazo: pa nkhomaliro mpando umodzi umatha kukhala anthu awiri kapena atatu motsatizana ngati chakudya chikutuluka msanga, ndipo chimene chimatulutsa chakudya msanga ndi khitchini yomwe ambiri amaipanikiza kuti awonjezere matebulo.

Tebulo la anthu anayi likhale masentimita 120 kwa 75, lokwera 75, mipando yokwera 45. Nsima imabwera ndi mbale zambiri, ya nsima, ya ndiwo, ya masamba, kambale ka tsabola, choncho tebulo laling'ono la malo omwera khofi silikwanira. Njira yaikulu yodutsa operekera zakudya ikhale mamita 1.2. Benchi yomata kukhoma imapulumutsa malo chifukwa safunika kuikokera kumbuyo.

Posamba m'manja ndi pamalo pomwe kasitomala aliyense afikepo kawiri, asanadye ndiponso akatha. Pakhale poonekera munthu akangolowa, pakhale mipopi iwiri, ndipo pasakhale pakhomo la khitchini pomwe anthu angagundane ndi wonyamula mbale zotentha. Pasakhalenso m'kati mwa chimbudzi. Pansi pake ndi khoma lake mpaka mamita 1.5 pakhale matailosi, apo ayi pakangotha miyezi itatu khomalo lidzakhala ndi mawanga a supu. Thanki ya madzi ndi yofunika kuiwerengera pa pulani pomwepo, chifukwa lesitilanti yopanda madzi kwa theka la tsiku yatseka.

M'khitchini chakudya chiziyenda njira imodzi: polandirira katundu, posungira, pokonzera, pophikira, potulutsira. Mbale zakuda zizibwerera njira ina kupita kotsukira, zisadutse pamwamba pa chakudya chopsa. Pokonzera nkhuku ndi nyama yaiwisi pasiyane ndi podulira kabichi ndi tomato wa saladi. Matebulo akhale a chitsulo chosachita dzimbiri. Thabwa limamwa madzi a nyama, ndipo bolodi ya MDF imafufuma ikangonyowa. Pansi ikani matailosi okhakhala olembedwa R11 kapena R12, otsetserekera ku kadzenje kotaya madzi. Matailosi onyezimira aja akakumana ndi mafuta a tchipisi, munthu amagwa ndi poto m'manja. Madzi otsukira mbale adutse m'kabokosi kogwira mafuta asanalowe m'paipi yaikulu, ndipo kazitsukidwa sabata iliyonse.

Pamwamba pa mbaula ndi pokazingira pakhale chokokera utsi chotuluka masentimita 15 mpaka 20 kupitirira m'mbali mwa zophikirazo, ndipo paipi yake itulukire pamwamba pa denga, isathere mu siling'i. Mafuta amaunjikana m'menemo ndipo ndi momwe moto wa m'malesitilanti ambiri umayambira. Mpweya womwe ukukokedwa panja uyenera kulowa kuchokera kwina, choncho siyani polowera mpweya pokhala ndi sefa wa ntchentche. Mukatseka ponse chokokeracho chimangolira osakoka kanthu. Masilinda a gasi akhale panja m'kakhola kokiya kopita mphepo. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amakhala pansi, choncho kakholako kakhale ndi mipata m'munsi ndipo kasakhale pafupi ndi dzenje la madzi oipa. Makala m'chipinda chotseka amapha mwakachetechete; ngati nsima muziphika pa makala, pakhale pakhonde lakumbuyo.

Chitseko cha chimbudzi chisatsegukire m'khitchini kapena modyera mwachindunji. Pakhale kakhonde pakati. A zaumoyo a khonsolo amayang'ana zimenezi asanapereke chiphaso, ndiye ndi nzeru kuwaonetsa pulani musanamange kusiyana n'kudzagumula.

Shopu yanga ndinapaka penti chaka chatha, koma m'munsi mwa makoma wayamba kale kutukumuka ndi kusuwa, pakutuluka zoyera ngati mchere. Ndigule penti wodula?
*Achimwene a ku Zomba*

Penti wodula adzasuwanso chimodzimodzi, achimwene. Vuto ndi chinyontho. Zoyerazo ndi mchere womwe madzi amautulutsa m'njerwa ndi m'pulasitala akamauma. Matani pepala la pulasitiki la masentimita 50 kwa 50 pakhomapo ndi tepi mbali zonse, lisiyeni masiku awiri. Likachita thukuta mbali ya kukhoma, madzi akuchokera m'khoma. Kenako tulukani panja muone: kodi dothi kapena khonde lakwera kuposa pansi pa m'kati? Kodi madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma? Kodi pali paipi yodontha? Nthawi zambiri yankho lili pamenepo, ndipo kukumba ngalande ndi kumanga kakhonde kotsetserekera kunja kumathetsa nkhani. Ngati omanga sanaike pepala lotchinga chinyontho pa maziko, ntchito yake ndi yaikulu ndipo ndi ya mwini nyumba.

Mukatseka gwero, palani penti yense wofooka, chotsani mcherewo ndi bulashi youma, osati ndi madzi, ndipo lisiyeni khoma liume. Pulasitala watsopano amafuna masabata anayi asanapakidwe. Yambani ndi penti woyambira wa pa pulasitala, kenako mupake kawiri penti wotsukika. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa kupaka kamodzi. Musatseke khoma lonyowa ndi penti wa mafuta kapena matailosi: chinyontho chimangokwera n'kukatulukira pamwamba pake.

Ndife bungwe laling'ono la anthu 8. Ofesi yathu ndi chipinda chimodzi cha matailosi ndi mawindo akuluakulu. Phokoso ndi losaneneka, wina akamayankha foni tonse timasiya ntchito, ndipo masana makompyuta saoneka. Tigawe ndi magalasi?
*Woyang'anira ofesi, Lilongwe*

Magalasi okha awonjezera vutolo. Mawu amadumpha pa chilichonse cholimba ndi chosalala: matailosi, galasi, pulasitala. Chipinda chanu chilibe chowameza. Pali ntchito ziwiri zosiyana pano, ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi kuchepetsa kulira kwa chipinda, yachiwiri ndi kutchinga mawu kuti asapite chipinda china.

Pa yoyambayo, malo aakulu opanda kanthu ndi siling'i, choncho yambirani kumeneko: mabolodi omeza mawu a masentimita 60 kwa 60 amasintha chipinda kuposa china chilichonse. Onjezani makatani ochindikala, kapeti ya tizidutswa pansi pa madesiki, mashelefu a mafayilo osatseka, ndi timatchinga tokutidwa nsalu tokwera mamita 1.2 mpaka 1.4 pakati pa madesiki. Mafelemu a matabwa oikamo thonje la m'makoma lochindikala masentimita 5 n'kukuta ndi chitenje amagwira ntchito bwino ndipo kalipentala aliyense angawapange.

Pa yachiwiriyo, mangani kachipinda kamodzi ka misonkhano ndi mafoni. Khoma lake likhale la mabolodi a gypsum mbali zonse ziwiri, pakati pali thonje lomwelo, ndipo lipitirire siling'i mpaka kumtunda. Khoma lothera pa siling'i yopachika silitchinga kanthu, mawu amangolumpha pamwamba. Chitseko chikhale cha thabwa lathunthu chokhala ndi labala m'mbali, chifukwa mpata wa chala chimodzi pansi pa chitseko umatulutsa nkhani yonse ya malipiro a munthu. Pulinta ndi ketulo zichoke pakati pa madesiki.

Za makompyuta, tembenuzani madesiki kuti windo likhale kumbali kwa munthu. Likakhala kumbuyo limawala pa sikirini, likakhala kutsogolo limathobwa m'maso. Desiki ikhale masentimita 120 kwa 60 kapena kuposa, yokwera 72 mpaka 75, ndi mpata wa mita imodzi kumbuyo kokankhira mpando. Kuwala kofunika pa desiki ndi ma lux 500 (lux ndi muyezo wa kuwala kogwera pamalo). Powerengera, chulukitsani masikweya mita ndi 500, kenako muwonjezere theka kapena kuposa chifukwa kuwala kwina kumatayika m'makoma ndi m'fumbi. Chipinda cha masikweya mita 40 chifuna ma lumen (muyezo wa kuwala komwe nyali imatulutsa) pafupifupi 30,000, omwe ndi mapanelo 8 a LED a mawati 40. Agaweni pa maswichi awiri kuti mzere wa kuwindo uzizima masana.

Popeza mukukonza kale, gawani mawaya pawiri. Mzere wina, wa masoketi ofiira, ukhale wa makompyuta, intaneti ndi nyali zochepa, ndipo ndi wokhawo ulumikizidwe ku inveta kapena sola. Ketulo, hita ndi pulinta yaikulu zikhale pa masoketi oyera. Magetsi akathima, batire lomwe likanatha mu ola limodzi limakufikitsani madzulo. Mawaya a intaneti asayende m'paipi imodzi ndi a magetsi.

Ndikutsegula famase. Khomo lili pamwamba pa masitepe awiri, okwera masentimita 30 onse pamodzi. Womanga akuti athira simenti kutsetsereka kwa mita imodzi kuti njinga za anthu aulumali zizikwera. Zikwana?
*Mayi a ku Mangochi*

Sizikwana, ndipo n'zoopsa kuposa masitepewo. Muyezo wake ndi wakuti pa sentimita iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika. Masentimita 30 afuna mamita 3.6. Pa mita imodzi munthu sangadzikweze yekha, ndipo potsika njinga imamuthawa. Ngati kutsogolo kulibe malo, chitsetsocho chiyende motsatira khoma. M'lifupi chikhale mamita 1.2, pamwamba pake pokhakhala, m'mbali muli kampanda kotchinga tayala ndi chogwirira pa masentimita 90. Pakhomo penipeni pakhale malo afulati a mamita 1.5 kwa 1.5 kuti munthu aime n'kutsegula chitseko osabwerera chambuyo. Khomo likatseguka lisiye mpata wa masentimita 90. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linanena kale kuti malo othandizira anthu azifikirika ndi aliyense, ndipo ku famase ndi komwe okalamba, amayi oyembekezera ndi oyenda ndi ndodo amabwera kwambiri.

M'kati, gawo lina la kauntala litsike kufika masentimita 75 mpaka 80, lokhala ndi mpata wolowa mawondo. Konzaninso kangodya kapena kachipinda koti munthu anene vuto lake osamvedwa ndi mzere wonse. Anthu ambiri amagula mankhwala olakwika chifukwa chochita manyazi kufotokoza pagulu.

Ku Mangochi mdani wanu wamkulu ndi kutentha. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30, ndipo a m'firiji pakati pa 2 ndi 8. Mashelefu asakhale pomwe dzuwa limafika kapena kukhoma la kumadzulo, ndipo firijiyo ikhale pa mzere wa inveta ndi choyezera kutentha chake. A PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala, amayendera malo asanapereke chilolezo, choncho tengani zofunika zawo musanaitane kalipentala.

Shopu yanga ya zovala ndi ya malata opanda siling'i. Mwezi wa October makasitomala sayesa n'komwe zovala chifukwa cha kutentha. Ndigule eyakoni?
*Bambo a ku Nchalo*

Eyakoni pansi pa malata opanda siling'i ndi kutaya mayunitsi. Yambani ndi denga. Pansi pa malata ikani pepala lonyezimira lobweza kutentha, mbali yonyezimirayo iyang'anizane ndi mpata wa mpweya wa masentimita osachepera 2.5, likagundana ndi chinthu mbali zonse siligwira ntchito. Kenako siling'i, ndi thonje lotchinga kutentha la masentimita 5 mpaka 10 pamwamba pake. Mpata wa pakati pa siling'i ndi malata ukhale ndi potulukira mpweya mbali ziwiri, potchingidwa ndi sefa kuti mileme isalowe. Kupaka malata penti woyera kunja kumathandizanso kwambiri. Siling'i ya PVC ndi yotchipa ndipo siopa madzi, koma pa moto imasungunuka n'kutulutsa utsi wakupha. M'shopu yodzaza nsalu ife tingasankhe gypsum.

Windo loyang'ana kumadzulo litchingeni kunja ndi khonde kapena mthunzi. Katani ya m'kati imagwira dzuwa litalowa kale, komanso zovala za pawindo zimasuluka. Mukatero mafani a pa siling'i akhoza kukwanira, koma nyali zisakhale pamwamba pa mapiko ake chifukwa kuwala kumaphethira. M'kachipinda koyesera zovala, kosachepera mamita 1.2 kwa 1.2, makoma asafike ku siling'i kuti mpweya uziyenda. Mukafunabe eyakoni, ya 12,000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) imakwana chipinda cha masikweya mita pafupifupi 20, ndipo ku Chigwa cha Shire, pa khomo lotsegukatseguka, tengani yokulirapo.

Mwini nyumba wandilola kukonza momwe ndingafunire, koma pakamwa pokha. Ndikufuna kugumula khoma lapakati kuti zipinda ziwiri zikhale holo ya maphunziro a kompyuta. Mawindo onse ali ndi mabagala, khomo ndi limodzi.
*Mphunzitsi wa ku Kasungu*

Aphunzitsi, musagwire hamala musanalembe. Pepalalo linene zomwe mwaloledwa kusintha, amene alipire, ngati ndalamazo zidzachotsedwe pa lendi, zomwe mudzanyamule potuluka, ndi zaka zomwe mukhalepo. Anthu amakonza malo bwino, chaka chikatha lendi n'kukwera chifukwa cha kukongola komwe alipira okha. Pa nyumba ya eni, ikani ndalama zambiri pa zinthu zomasuka ndi sikuludilaiva.

Khomalo liyambe laonedwa ndi injiniya. Khoma loonda likhoza kukhala kuti likunyamula mitengo ya denga kapena likugwira makoma aatali kuti asagwe, ndipo likachoka pamafunika bimu, mtanda wonyamula katunduyo m'malo mwa khomalo. Kusintha nyumba ndi ntchito yake kumafunanso chilolezo cha khonsolo, ndipo kontilakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga.

Chomwe chatidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi khomo limodzi ndi mabagala. Holo yodzaza ophunzira, makompyuta ndi mabatire ikufuna khomo lachiwiri kumbali ina, kutali ndi loyambalo. Zitseko zonse zizitsegukira kunja, chifukwa anthu akathamangira pa chitseko chotsegukira m'kati amachipanikiza osatsegukanso. Nthawi ya maphunziro pasakhale loko. Chitseko chizitseguka ndi dzanja limodzi kuchokera m'kati popanda kiyi. Bagala imodzi kapena ziwiri zikhale za mahinjesi zotsegukira m'kati mwa chipinda. Njira yopita kumakomo ikhale mamita 1.2 yopanda zingwe, ndipo pamwamba pa khomo lililonse pakhale nyali ya batire yoyaka yokha magetsi akathima. Mabatire a inveta akhale m'kachipinda kopita mphepo, kutali ndi khomo lotulukira.

Chozimitsira moto cha CO2 ndi choyenera pa makompyuta chifukwa sichisiya ufa. Cha ufa cha makilogalamu 9 chikhale cha zina zonse. Zipachikeni pafupi ndi khomo, chogwirira chili pa mita imodzi kuchokera pansi, ndipo ziziyezedwa chaka chilichonse. Pa ndalama, tsatirani ndondomeko iyi: denga ndi chinyontho, makomo, mawaya, siling'i, pansi, kenako penti ndi mipando. Patulani 10 mpaka 15 kwacha pa 100 iliyonse ya bajeti, chifukwa khoma likagumulidwa mpamene chiswe cha m'mitengo ya denga ndi mawaya olumikiza ndi tepi zimaonekera.